Anandiwotcherera Mtima ku Johor

Pasir Gudang, 10 Juni 2012

Make Ningrum, Sumirah wanga,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe. Ndikhulupirira bondo lija lakuleka, ndipo amayi ayambanso kudya bwino. Ine kuno ndili bwino tsopano. Ndati "tsopano", ndipo ndikukuona wakwinya kale nkhope. Khala pansi kaye, mpeniwo uike apo.

Sabata yathayi ndinakuuza pa foni kuti tikugwira ntchito m'mimba mwa sitima, momwe mafoni sagwira. Linali bodza. Ndinali m'chipatala. Pa foni Ningrum amaima pambali pako n'kumatchera khutu, n'chifukwa chake ndagula pepala. Kalatayi ndi ya maso ako okha.

Kuyambira chaka chatha mtima wanga wakhala ukuchita misala. Umathamanga, kuima, kudumpha, ngati nsomba yoponyedwa pamtunda. Ine ndinkati ndi khofi. Mu Epulo ndinagwa pa ntchito chowotcherera chili m'manja, ndipo pakanapanda Sarkam, mnzanga wa m'chipinda uja wa ku Cilacap, bwenzi pano ukulandira anthu a pamaliro m'malo mwa a paukwati. A kuchipatala anandimwetsa mapiritsi miyezi iwiri, osathandiza. Ndiye Lolemba lapitali anandigoneka patebulo.

Dokotala wake ndi mayi wachitchaina, Dokotala Teoh, wamfupi ngati iwe koma wolusa kuposa iwe, ngati zimenezo n'zotheka. Anandijambulira mtima papepala. Akuti mumtima muli magetsi, ndipo anga ena amadutsa njira zosayenera. Ndiye amalowetsa kawaya mumtsempha wa m'mphechepeche, kukwera nako mpaka mumtima, n'kuwotcha timadontho kuti magetsi osocherawo asowe podutsa. Ndinati, "Adokotala, ndiye kuti ndinu mnzanga, nanunso ndinu wowotcherera." Anati, "Inde, koma chitsulo changa cha lero chikulongolola kwambiri." Ndinatseka pakamwa.

Sanandicheke, usaope. Pali kabowo kokha, ndipo pozungulira pake pada. Chovuta chinali kugona chagada maola asanu ndi limodzi osapinda mwendo, ine munthu wosadziwa kukhala pansi! Pachifuwa pakutenthabe, koma akuti aliyense amamva choncho. Za ndalama usade nkhawa, bwana Lau walipira. Akuti ndawotcherera sitima zake zaka makumi awiri ndi chimodzi, ndipo kupeza dzanja lina longa langa n'kodula kuposa chipatala. Usaganize kuti ndi chikondi.

Tsopano tamvera. Mabala a mkatimo amatenga miyezi itatu kuti apole, ndipo nthawi yonseyo ndizimwa piritsi losungunula magazi tsiku ndi tsiku. Miyezi itatu ithera mu Seputembala. Ukwati wa Ningrum ndi pa 4 Novembala. Waona? Mpata ulipo wokwanira.

Ukukumbuka zimene Ningrum anandiuza nditabwera chaka chatha, tili kuseri kwa nyumba? Anati, "Bambo, pobadwa ine munali ku Malaysia. Pomaliza sukulu munatumiza wotchi. Sindikudandaula. Koma pa ukwati wanga musadzasiyire shehe wa boma kuti anene mawu m'malo mwanu, monga amachitira ena. Mudzagwire dzanja la Gunadi ndi dzanja lanu, mudzandipereke ndi pakamwa panu." Ndinalonjeza, Mirah. Pamene ankandilowetsa m'chipinda chija sindinaganize za imfa ayi, ndinkaganiza za lonjezo limenelo.

Ndatumiza ndalama za kuno, maringgit mazana asanu ndi atatu, ukapereke chikole cha tenti ndi mipando. Mbuzi ziwiri zija usagulitse, ndi za alendo. Umuuze mng'ono wanga Tukijan akonze denga la khitchini mvula isanabwere, asadikire kuti ndimupemphe kachitatu.

Ndine mwamuna wako,
Wagiyo


Pasir Gudang, 1 Julayi 2012

Make Ningrum,

Moni kwa iwe, kwa amayi ndi kwa mwana. Ine ndadzuka. Kalata yako ndalandira, ndipo yandiwotcha zala. Masamba atatu a chipongwe chokhachokha! Wanditcha wabodza, wanditcha nkhutukumve, kenako kumapeto wafunsa ngati ndimagona nditavala malaya kuti mphepo isandilowe. Ndinaseka mpaka kabowo kaja kanapweteka. Inde mayi, ndimavala.

Kuchira n'kotopetsa kuposa kudwala. Lole ikanyamula anzanga m'mawa ndimatsala ndekha ndi mphaka. Anandiletsa kunyamula ngakhale ndowa ya madzi, koma anandilamula kuyenda. Tsiku loyamba ndinafika pampanda n'kukhala pa tayala lakale, ndikupuma wefuwefu ngati nkhalamba. Pano ndimafika ku mzikiti n'kubwerera osakhala pansi. Kuti ndisapenge ndayamba kuphikira anyamatawa mpunga ndi tempe wa soya uja. Sarkam, amene amanditcha Kang ngati mkulu wake, akuti, "Kang Giyo, ndinu mkazi wabwino inu, mukanameta ndevuzo ndikanakukwatirani." Ndinamugenda ndi chipande.

Ndevuzo si zofuna. Lachinayi lililonse amanditenga magazi kuti aone ngati asungunuka mokwanira. Akasungunuka kwambiri, ukangodzicheka pang'ono sasiya kutuluka. Akapanda kusungunuka amaundana mumtima, ndipo kachidutswa kamatha kuthawira ku ubongo. Ndiye Dokotala Teoh anandiwerengera zoletsedwa ndi zala: khofi, fodya, lezala, ndi mankhwala azitsamba a mtundu uliwonse. Jamu, zitsamba zakumwa za amayi ako zija, usatumize, uwathokoze chabe. Fodya ndiye wandivuta. Sarkam akamasuta ndimakhala kumene kukupita utsi, ndipo amandithamangitsa.

Masiku ena mtima umayambanso zake zija, mphindi khumi kapena kuposa. Dokotala akuti n'zachizolowezi mabala asanapole, ndipo ndimamukhulupirira. Komabe ukayamba ndimakhala pa tayala lija n'kumaganiza zinthu zimene sindilemba pano.

Poyenda ndimaloweza mawu aja. "Ndikukukwatitsa iwe Gunadi mwana wa Sastro ndi mwana wanga Ningrum, ndi mahari, chiwongo cha mphete yagolide yoperekedwa pompano." Ndi mawu ochepa, koma mboni zimafuna amveke onse bwinobwino, apo ayi zimakubweza. Ukukumbuka malume ako anabwereza kanayi mpaka mkwati ananyowa ndi thukuta? Ine kamodzi kokha, udzaone. Dzana mlonda wa pageti anandimva ndikuyankhula ndekha, n'kundifunsa ngati mankhwala akundizunguza mutu.

Za oimba, usalole Tukijan akusankhire. Adzabweretsa anzake aja oimba ngati akupweteka mano. Ndipo Ningrum wati akufuna maluwa enieni, osati apulasitiki. Mugulire, ndi mwana mmodzi yekhayo.

Wako,
Wagiyo


Pasir Gudang, 29 Julayi 2012

Make Ningrum,

Mulungu alandire kusala kwako ndi kwa onse pakhomopo. Ine ndikusala nawo, dokotala anandilola. Ndayambanso ntchito, koma yopepuka, yongoyang'ana zimene ena awotcherera n'kumawanyoza. Ndapeza kuti ntchito imeneyi ndimaitha kwambiri.

Pali kankhani, koma usayambe kulira. Sabata yatha mvula inatipeza pa lole yopanda denga, tinafika titanyowa chenicheni. M'mawa mwake khosi louma, mimba yotupa, msana wolemera, kugeya kosalekeza. Iwe ukudziwa. Mphepo inali italowa, basi. Nditaweruka ndinamuuza Sarkam atenge khobidi ndi mafuta andipale msana.

Anazengereza. "Kang, kodi adokotala sanaletse?"

"Analetsa zakumwa ndi lezala," ndinatero. "Khobidi ndi mankhwala kodi? Pala iwe, usandichedwetse."

Anapala mizere isanu kumanzere, isanu kumanja, n'kuima. "Kang Giyo, mphepo yanu ndi yoopsa. Zotere sindinazionepo." Ukudziwa mmene timakondwerera mizere ikafiira kwambiri, timati yatuluka yambiri. Ndiye ine ndinati, "Eya, limbikira pomwepo!" Analimbikiradi.

Kutacha mizere kunalibe. Msana wonse unali wakuda bii, wotupa, kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno. Kugona chagada osatheka. Anzathu a zipinda zina anabwera kudzaonerera, ndipo wina anati, "Magazi anu asanduka madzi, Kang. Mapiritsi amenewo akuphani musanaone mdzukulu." Mawuwo anandilowa.

Lachinayi sindinapite kokatengetsa magazi. Ndikanapita bwanji? Mayi uja amandivula malaya kuti amvere mtima. Aone msana wotere? Akanandikalipira ngati mwana pamaso pa anamwino, n'kumati anthu a ku Java awa ndi mbuli, amachiza mtima ndi khobidi. Ine wa zaka makumi asanu ndi zinayi sindingaime pamenepo. Mapiritsi ndawapumitsa kaye mpaka msana upole. Ndi masiku ochepa chabe, ndipo mphepo ija inatulukadi.

Koma dzanja la Sarkam ndi lachitsulo. Pamene ankandipala ndinakumbuka lako, ndi mmene umapalira uku ukundiuza miseche ya mudzi wonse, mpaka ndimaiwala ululu. Ndinasowa kwathu kwambiri, Mirah. Ndinabisa nkhope mu pilo, iye ankaganiza kuti ndi khobidi likundiliza.

Mpunga wa m'munda wakumtunda usagulitse ngakhale mtengo wakwera, ukwati umadya. Makhadi oitanira anthu asindikizidwe ikangotha Idi. Dzina langa alilembe lonse, osati "Giyo" ngati ndine wogulitsa nkhuku.

Wako,
Wagiyo


Pasir Gudang, 26 Ogasiti 2012

Make Ningrum,

Idi yabwino, ngakhale yadutsa. Undikhululukire zolakwa zanga zooneka ndi zobisika, ndipo chaka chino zobisikazo zachuluka. Ukawagwadire amayi m'malo mwanga. Kuno tinaphika nkhuku zitatu, Sarkam anathira mchere kawiri, tinadyabe.

Ndili bwino kuposa zaka zisanu zapitazi, ndikulumbira. Sabata zitatu tsopano mtima uli phee, ukugunda mwaulemu. Msana wapola, pangotsala chikasu pang'ono. Ndagwiranso chowotcherera. Bwana Lau anaima kumbuyo kwanga n'kuyang'ana mzere wanga woyamba, sananene kanthu, ndiye kuti unali wabwino. Ndimakwera makwerero a sitima osapumira panjira, anyamata amatsala m'mbuyo.

Tikiti ndagula! Ndikwera pa 28 Okutobala, kutsikira ku Surabaya masana. Tukijan asavutike kudzandichingamira, ndikwera basi. Umuuze telala achepetse malaya amaluwa a batiki aja m'chiuno, zala zitatu. Mimba ija unkainyoza yatha, udzaisowa.

Wafunsa kawiri za mapiritsi, ndipo kachiwiriko wadula mzere kunsi. Iwe Mirah, munthu wochira amamweranji mankhwala? Chisiyireni ndikumva kupepuka, m'kamwa simutulukanso magazi ndikamatsuka mano, ndipo ndameta. A kuchipatala aimba kawiri, ndinali pamwamba pa sitima. Ndipita ikatha sitima imeneyi, ndikamuonetse mayi uja ntchito ya manja ake.

Dzana pa chakudya cham'mawa kapu inandipulumuka, dzanja linachita dzanzi kanthawi. Ndinaligonera, basi. Kapu yake inali ya Sarkam, ndiye mlandu ulipo.

Ningrum anandiimbira, akuti wayesa diresi. Anandifunsa, "Bambo, mawu aja mwaloweza?" Ndinamunenera pa foni pomwepo, onse, osapuma. Nditamaliza anati, "Musathamange choncho, ndikufuna ndidzawamve." Mwana ameneyu watenga pakamwa pako.

Wako,
Wagiyo


Pasir Gudang, 30 Seputembala 2012

Make Ningrum,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Zilembo ukuonazi si zanga, ndi za Sarkam. Ine ndikunena, iye akulemba, ndipo pamene sakumva ndimabwereza mpaka amve. Tayamba m'mawa, pano dzuwa lapendeka.

Sarkam anakuimbira, mutu wa nkhani ukuudziwa. Koma anakuuza kuti ndi zapang'ono chifukwa ndinamukodola kuti atero. Si zapang'ono.

Linali Lachiwiri, pa 11, tikumwa tiyi podikira lole. Ndinafuna kunena kuti andipatsire shuga, koma chimene chinatuluka sanali mawu. Anyamata anaseka, ankati ndikuchita nthabwala zanga zija. Nanenso ndinafuna kuseka. Kenako tiyi anayamba kutsika pambali pa kamwa, ndipo Sarkam anasiya kuseka. Kachidutswa kaja ka magazi kanafikadi ku ubongo. Ndagona m'chipatala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi.

Mmene ndilili ndi umu. Mwendo wamanja ukukoka, koma ndi ndodo ndimayenda. Dzanja lamanja langogona pantchafu, ndikaliuza kuti lidzuke silimva. Kamwa yapotokera mbali imodzi. Lilime likulemera ngati la munthu wina. Mutu wokha uli bwinobwino, ndipo mwina n'chimene chikupweteka kwambiri, chifukwa mawu onse ndimawaona, koma potuluka amaphwanyika.

Dokotala Teoh anabwera tsiku lachitatu. Ndinakonzeka kukalipiridwa. Anakhala pampando n'kufunsa, akunditchula mwaulemu wa kwathu, "Pak Wagiyo, mapiritsi munasiya liti?" Sarkam anandiyankhira, n'kufotokoza zonse, mvula, khobidi, msana, ndi chifukwa chimene ndinathawira Lachinayi lija. Mayi uja anati, "Ndili mwana agogo anga ankandipala msana ndi supuni yadothi ndikatentha thupi. Mpaka lero amayi anga amatero. Mukanandionetsa ndikanangochepetsa mlingo wa mankhwala, basi. Ine ndinaiwala kukuchenjezani za khobidi, ndipo ndikupepesa."

Bola akanandikalipira, Mirah.

Akuti ntchito yake inagwira, mtima ukugunda bwino. Mwina unangodumpha tsiku limodzi ine osadziwa, ndipo popeza magazi anali osasungunuka, tsiku limodzilo linakwana. Ndayambiranso mapiritsi, Sarkam amandiyang'ana mpaka nditameza. Kuyambira ndili m'chipatala, kawiri pa sabata ndimapita kwa namwino wophunzitsa kuyankhula. Amandiuzitsa mpweya m'kapu ya madzi ndi kabango, amandinenetsa "pa, ta, ka" ngati mwana wa mkaka. Dzulo ndinayesa mawu a ukwati aja. Ndinakakamira pa mawu achiwiri, malovu n'kugwera pa malaya.

Umuuze Ningrum zonse tsopano, kubisa kwandikwana. Zokonzekera zisaime. Kwatsala sabata zisanu.

Wako,
Wagiyo

Mlamu, ndine Sarkam. Apa ndawonjezera ndekha, Kang Giyo sakudziwa. Khobidi lija ndinagwira ndine, ndipo mtima unkandiletsa koma ndinapalabe. Mundikhululukire. Amadya ndi dzanja lamanzere ndipo amachita nazo manyazi, amadikira tonse tituluke. Ine ndimayerekeza kukasuta. Musaleke kuwalembera, makalata anu amawasunga m'malaya.


Pasir Gudang, 21 Okutobala 2012

Mirah,

Moni. Ndili moyo. Ukhululuke zilembo zokhotakhotazi, ndikulemba ndi lamanzere. Iyi sindikufuna Sarkam aimve.

Wati tisunthe tsiku. Tisunthire kuti? Pakati pa Novembala ulowa mwezi wa Suro, mwezi wamatsoka uja, ndipo ndani anakwatitsapo mwana mu Suro? Agogo ake a Gunadi anawerenga masiku obadwa a ana awiriwa n'kupeza tsiku limodzi lokhali. Makhadi anagawidwa kale. Ndisamuchedwetse mwana chifukwa cha uchitsiru wanga.

Ningrum anaimba, Sarkam anandigwirira foni. Anati, "Bambo, ingobwerani. Mukayese. Akakubwezani kakhumi tidikira kakhumi." Ndinafuna kumuyankha kuti ndamva. Anamva yekha mmene ndikuyankhulira, ndipo analira. Ndinamukankha Sarkam kuti adule.

Sindikunamizanso, ndanama mokwanira chaka chino. Dokotala sanandiletse ulendo. Anati ndikhoza kukwera ndege wina akandiperekeza, ndipo Sarkam anadzipereka. Ndakana ndine. Ndikhale pamkeka pamaso pa mudzi wonse, kansalu kopukutira malovu kali m'manja? Anthu aziyang'ana kamwa yanga m'malo moyang'ana mkwatibwi? Munthu wina anyamule dzanja langa kuti alipereke kwa Gunadi? Mboni zizindibweza, mwana wanga ali kuseri kwa katani akumva bambo ake akulira ngati mbuzi? Ayi. Andikumbukire pa mawu aja ndinamunenera pa foni mu Ogasiti.

Lachinayi ndinapita ku ofesi ya dziko lathu ku Johor Bahru ndi mboni ziwiri. Pali chikalata chimene tate amasaina akafuna kuti wina apereke mwana wake m'malo mwake. Kalaliki anandipatsa cholembera, n'kuyang'ana dzanja langa, n'kutulutsa inki yodindira. Ndinadinda chala chachikulu chamanzere. Chikalatacho chili m'envulopu momwemu, ukachipereke kwa shehe wa boma msanga.

Ndalemba dzina la Tukijan. Umuuze amete, ndipo asathamange poyankhula, mwanayo akufuna kumva. Malaya a batiki aja avale iyeyo, amukwana.

Usandiimbire tsiku limenelo. Foni ndidzazimitsa.

Wagiyo


Pasir Gudang, 5 Novembala 2012

Make Ningrum, Sumirah wanga,

Moni, mayi wa mkwatibwi. Ndikudziwa kuti miyendo yatupa ndipo mbale zobwereka sizinabwezedwe. Upume kaye. Ine thupi lili chimodzimodzi, mwendo ukulimbako. Bwana Lau wandiuza mwaulemu kuti chitupa changa cha ntchito chikatha mu Disembala sachiwonjezera. Sindikumuimba mlandu. Ndibwera ndithu, ndipo ulendo uno sindibwereranso. Undikonzere pogona m'chipinda cha kutsogolo, chopanda sitepe.

Sarkam anayatsa foni yake madzulo, ndipo anandiuza kuti zonse zinayenda, mvula sinagwe, mbuzi zinakwanira. Akuti Tukijan ananena kamodzi kokha. Umuthokoze. Ndikuthokoza ndi mtima wonse, ngakhale mtimawo ukuwawa.

Pali chimene ndikufuna udziwe, ndipo ndalimbana nacho kuti ndilembe kapena ayi.

Dzulo linali Lamulungu, kunalibe ntchito. Ndinasamba m'mawa, Sarkam anandimangira mabatani a malaya oyera. Sindinamuuze chifukwa, naye sanafunse. Ndinakhala pamkeka n'kumayang'ana wotchi ya pakhoma. Kwanuko inali naini, kuno teni. Ndinkaona zonse, Mirah, tebulo, shehe ndi mabuku ake, Gunadi ali pamkeka, iwe ukukalipira ophika.

Sarkam anabwera n'kukhala moyang'anizana nane. "Kang, tandipatsani dzanja."

Ndinamupatsa lamanzere.

"Ayi, linalo." Analinyamula yekha dzanja lakufalo n'kulifumbata m'dzanja lake. "Ine ndine Gunadi. Nenani."

Ndinamuuza kuti asandiseke.

"Mkamwini wanu ndi wadazi ndipo ali ndi ana anayi," anatero, "koma ndi amene alipo. Nenani, apongozi, ndikudikira."

Anakuwira anzathu awiri amene ankachapa panja kuti akhale mboni. Anabwera manja ali thovu, akuseka, koma ataona nkhope yanga anakhala pansi mwaulemu. Mmodzi wa iwo ndi Pak Mudakir, amene amatitsogolera mapemphero a swala, munthu wosadziwa kunyengerera.

Ndinayamba kuti ndingomuchotsa Sarkam pamaso panga. Ndinakakamira pamene ndimakakamira. Palibe anandithandiza. Ndinameza malovu n'kupitiriza, liwu limodzi, kupuma, liwu lina. Ndinatchula Gunadi. Ndinatchula Sastro. Nditafika pa "mwana wanga Ningrum" dzinalo linatuluka lonse, loyera, monga ndinalitchulira tsiku limene unandiimbira kuti wabadwa wamkazi. Ndinadutsa mahari, ndinadutsa mphete. Ndinafika kumapeto, Mirah.

Sarkam anati, "Ndavomera." Mboni zinayang'anana. Pak Mudakir anati, "Zatheka."

Ndinamugwira malaya n'kumufunsa kuti anene zoona pamaso pa Mulungu, ngati zikanaloledwa kumudzi. Anandimva nditabwereza kawiri. Anati, "Kuchedwa si tchimo, Kang. Mawu onse amveka. Ukwati ukanamangidwa."

Anzangawo anakondwa, ankati ndikuchira, wina anathamanga kukagula zakumwa zoziziritsa. Ine ndinalira ngati mwana, ndipo ankaganiza kuti ndi chimwemwe.

Ndikanatha, Mirah. Ndikanabwera. Palibe anandiletsa, dokotala ayi, bwana ayi, ngakhale lilime lomwe ayi. Mwana wanga anati adikira kakhumi, ndipo pankafunika kamodzi kokha. M'moyo wake wonse wandipempha chinthu chimodzi, ndipo ndinachipereka dzulo kwa Sarkam, m'chipinda chonunkha nsapato.

Akadzakufunsa za ine, umuuze kuti bambo ake anayesa dzulo pa ola lomwelo, koma lilime linakana. Umuleke akhulupirire zimenezo. Zoona zake uzidziwe iwe wekha, undithandize kuzisenza.

Ndine mwamuna wako,
Wagiyo